Fani ya Chigayo pa Motoka ya Zuze

Amene akuti Zuze ndi wabodza anyamuke manje, akadikirire boti uko padzuwa, atisiyire mthunzi ife okonda zoona. Inu a kalaliki, ndakuonani mukumwetulira kuseri kwa nyuzi yanuyo. Mwabwera dzana lomweli kuchokera ku Lusaka, nsapato zikali kung'anima, ndiye mukufuna kundiphunzitsa za supachaja, ati motoka ya abwana anu ili nayo. Ine supachaja ndinaipanga ndi manja awa, pano pa Feira, inu musanabadwe, msewu ukali wadothi, ndipo ndinatsala pang'ono kutaya mkazi chifukwa cha iyo. Khalani pansi, boti sibwera msanga.

Motoka yanga inali pikapu yokalamba, yobiriwira pamene panatsala penti, imene ndinagula kwa wamalonda wina atatopa nayo. Ndinkanyamula nsomba zouma kuchokera pano kupita nazo ku Buliji, kumlatho kumene msewu wathu umakumana ndi msewu waukulu. Anthu anaipatsa dzina loti Tsikani Tikankhe, chifukwa ikangoona chitunda patsogolo inkayamba kutsokomola isanachifike, ndipo aliyense ankadziwa ntchito yake: amuna kumbuyo kukankha, amai kunyamula miyala yoika kumatayala, ine pachiwongolero kupemphera. Mbuzi za ku Mburuma zinkatipitirira zikudya udzu. Tsiku lina ndinaimira nkhalamba ina yoyenda ndi ndodo, ndati kwerani amai, iwo akuti zikomo mwanangu, lero ndili pachangu. Mukumva? Ndipo ine ndine munthu wamanyazi, ngakhale simungakhulupirire.

Manyazi aakulu anali pamaso pa mkazi wanga, amake Losa. Anali Mnsenga wa ku Petauke, telala wa manja abwino, wosalankhula zambiri, ndipo ndinawatenga kwawo ndi malonjezo okhaokha. Alongo awo ankaseka, ati mlamu wathu ali ndi kamba wa matayala anayi. Zaka zitatu ali kuno kuchigwa sanakaoneko amai awo. Ndinalumbira mumtima kuti tsiku lina ndidzawakweza kutsogolo, mwana pamiyendo, tidzanyamuka pano tambala atalira n'kukamwa tiyi wam'mawa kwawo, alongo ajawo akuona. Ndiye musamati zonse zimene ndinachita zinali misala chabe. Chinali chikondi, kungoti chikondi cha makanika chimathera pansi pa motoka.

Nzeru inandibwerera ku Mphuka, kwa wosula nkhwangwa. Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana makala ake: akasiya kupopa mvukuto, moto ukungofuka, akapopa, makala omwewo, osawonjezera ngakhale limodzi, chitsulo chikufiira mpaka kupindika chokha. Ndinati, Zuze, kodi injini n'chiyani ngati si moto wotsekeredwa m'chitsulo? Yako imakoka mpweya yokha, movutikira, ngati wodwala mphumu. Uipopere mpweya wambiri, uwonjezere petulo, iziphulika mwamphamvu m'kati. Supachaja ndi imeneyo, a kalaliki, ndi mvukuto basi, dzina lachizungulo lisakuopseni.

Ku Mburuma kunali chigayo chakufa, ndipo mukudziwa kuti chigayo chili ndi fani imene imauzira ufa m'mwamba kuti ugwere m'thumba. Ndinaimasula, ndinaisenza pamutu, ndinadula boneti pakati kuti ikwane, ndinaimangirira pamwamba pa injini, lamba kuchokera ku pule, kagudumu kozungulira ka injini, kupita ku fani, paipi kuchokera ku fani kulowa m'kabuleta, momwe mpweya umasakanikirana ndi petulo. Ndinalakwitsa chimodzi, sindinaitsuke. Munali ufa wa zaka khumi ndi ziwiri. Nditangoliza injini Boma yonse ya Feira inayera, apolisi anatuluka ali mbuu osazindikirana, a kutsidya ku Zumbo anayesa kwagwa nkhungu mu Okutobala, ndipo ufa umene unadutsa m'kati mwa injini unkatuluka ku ekizozi utapsa kale, zitumbuwa zotentha, zamafuta ake, chimodzichimodzi, phu, phu, phu, moti amai a pamsika anabwera gulu kudzandidandaulira kuti ndikuwaphera malonda. Ngati ndikunama, ng'ona indigwire padoko lomwe lino.

Ufa utatha, fani inayamba kudya za eni. Inameza nkhuku ziwiri za aneba, chipewa cha mesenjala, makalata onse a patebulo la ku ofesi kudzera pawindo, ndi masau a mtengo wathunthu, osapsa omwe. Panafunika chosefera. Ndinalowa m'khitchini, ndinatenga sefa ya amake Losa. Anangotenga lichero n'kumapetera ufa. Nditaona kuti fumbi likudutsabe ndinatenga neti ya udzudzu ya pabedi pathu, ndinaipinda kanayi. Anangoyamba kufukiza masamba m'nyumba madzulo kuti mwana agone. Ine ndinayesa kuti kukhala chete ndiko kuvomera.

Kenako kunabwera mdani weniweni, kutentha. Munapopapo njinga? Gwirani pampu kumunsi muone mmene imaotchera. Mpweya ukaupanikiza umatentha, ndiye ganizani mpweya wa pa Feira mwezi wa Okutobala, umene ukali panja umaphika kale mazira m'mimba mwa nkhuku, inu n'kuupanikizanso. Unkalowa m'injini uli moto, petulo n'kumayaka yekha pulagi isanamuuze, mapisitoni n'kumagogoda, go, go, go, moti aneba ankayankha kuti lowani. Makanika aliyense amadziwa kuti kugogoda kotero ndi imfa ya injini ikunena odi. Masiku atatu ndinakhala pansi pa mtengo, dzanja lili patsaya.

Amene anandipulumutsa ndi amai Filimina, aneba athu ochokera ku Zumbo, amene ankatcheza kachasu wa masau kuseri kwa nyumba yawo. Ndinaona nthunzi yotentha ikulowa m'paipi, paipiyo ikudutsa m'kabwato kodzaza madzi, mbali inayo n'kumatuluka madontho ozizira. Safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, ndinagwada pansi, ndipo iwo anandibwereka paipi ndi kabwato komwe, ati bola ansembe asamve. Kabwato ndinakamanga padenga la motoka kuti mpweya uzidutsa m'madzi usanalowe m'injini. Ndinadula gasiketi yokhuthala pachikopa cha mvuu kuti mapisitoni asapanikize kwambiri, ndipo m'thanki, pa ndowa iliyonse ya petulo, ndinkathira botolo limodzi la kachasu uja woyamba kudontha, wosasukuluza. Kugogoda kunatheratu. Kungoti Lolemba m'mawa motoka inkadzuka ndi matsire, osafuna kulira mpaka dzuwa litakwera, koma amenewo ndi matenda a ambiri muno.

Za kumwa kwake musandifunse. Mpweya ukachuluka ndi petulo yemwe ayenera kuchuluka, apo ayi injini imapsa m'kati. Ndinakuza kabowo ka m'kabuleta ndi singano, kenako ndi msomali, kenako ndi chala. Inkamwa ndowa imodzi ikungolira pabwalo isanasunthe, ndipo ukadutsa pafupi ndi nyali ya palafini inkapotoza mutu kuinunkhiza.

Lamba naye anali ndi zake. Ukaponda mafuta ankaterereka n'kumalira ngati kankhumba, fani osazungulira. Ndinampaka uchi kuti agwire, njuchi za m'mapiri onse zinanditsata mpaka m'tchalitchi. Ndinapota wina wa chikopa cha mvuu yomwe ija, ameneyo anagwira. Koma apa mpamene ndinaphunzira chinthu chimene abwana anu sanakuuzeni: mvukuto sudya kwina, umadya mphamvu ya injini yomweyo. Uli ngati waganyu amene amayamba wadya asanagwire khasu. Ukamazungulira pang'onopang'ono umadya zambiri kuposa zimene ukubweza, ndiye motoka yanga, ndi fani yake, ndi kabwato kake, ndi kachasu wake, inali yofooka kuposa kale. Pankafunika gudumu lalikulu ku injini ndi kapule kakang'ono ku fani, kuti injini ikazungulira kamodzi fani izungulire kasanu. Gudumu lotero ndinalifuna Boma yonse, ku Mphuka, mpaka kutsidya. Linalipo limodzi chabe, lachitsulo chabwino, lokhala ndi mpata wa lamba kale, ndipo linali pakhonde panga, pansi pa makina osokera a amake Losa.

Apa musaseke. Makinawo anali opalasa ndi mapazi, amai awo anawapatsa tsiku la ukwati wathu. Sabata imeneyo ankasoka diresi la ukwati la mwana wa akatekisiti, lofunika Loweruka. Linali Lachinayi, iwo atapita kumsonkhano wa amai kutchalitchi. Ndinadziuza kuti ndingobwereka, ndiyese, ndibwezere asanafike. Koma bowo lapakati linali laling'ono, ndiye ndinalikuza ndi tupa, ndipo gudumu ukalikuza bowo silikhalanso pa makina. Atafika anaima pakhonde nthawi yaitali, Losa ali kumsana, akuyang'ana diresi lili pansi pa singano, losokedwa mbali imodzi. Ndinayamba kuwafotokozera za kasanu pa kamodzi. Anandiyang'ana, n'kunena m'kalankhulidwe kakwawo, osakweza mawu:

"Awisi Losa, sefa ninalekerera, neti ninalekerera. Apa mwanidula manja."

Diresilo analimaliza ndi singano ya pamanja, masiku awiri osandilankhula, n'kukalipereka Loweruka m'mamawa. Ine chitsiru nthawi yonseyo ndinali pansi pa motoka, ndikumanga gudumu.

Dzuwa litakwera ndinaona mapazi a amai Filimina pafupi ndi tayala.

"A Zuze, tulukani uko. Akazi anu akwera lole ya nsomba kuseni-seni, m'mamawa muja, na mwana, na sutukesi. Ati akakwera basi ya ku Petauke pa Buliji."

Ndinadziwa kuti akangokwera basi imeneyo, alongo awo aja sadzawalolanso kubwerera kuchigwa. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo iwo anali atanditsogolera ndi maola anayi. Ndinamanga nati yomaliza, amai Filimina anadzaza kabwato ndi madzi a mumtsinje, ndinathira mabotolo awiri a kachasu m'malo mwa limodzi, ndinachita chizindikiro cha mtanda, ndinaponda mafuta.

Mukumva? Giya yoyamba, matayala akumbuyo anakumba dzenje limene mbuzi zimamweramo mpaka lero. Giya yachiwiri, ndinaliza hutala pamsika koma kulira kwake kunatsalira m'mbuyo, anthu anapatuka ine nditadutsa kale ku Mphuka. Giya yachitatu, singano ya liwiro inazungulira kawiri, inathyoka, inagwera pamiyendo panga. Giya yachinayi, fani ikulira mpaka agalu a ku Zumbo kuyankha, mitengo ya masau ikuwerama kundipatsa moni, fumbi langa lomwe likulephera kunditsata, chithunzithunzi cha motoka chinatopa, chinakhala pansi pa mlambe kupuma, ine ndinapitirira wopanda chithunzithunzi. Pamsewu panali njovu zitatu, ndinadutsa pakati pa miyendo ya yaikuluyo isanatsitse chitamba, mphepo yanga inazipinda makutu cham'mbuyo, ndipo ana azo amabadwa otero mpaka lero, kafunseni a gemu, oyang'anira nyama zakutchire. Madzi a m'kabwato anawira, mlamba umene unalowamo ndi ndowa unapsa bwinobwino, fungo lake likunditsata. Chitunda chachikulu cha ku Mburuma chimene tinkakankha maola awiri sindinachione n'komwe, ndinangomva m'mimba kuti nyamu. Mabuleki nditawayesa anandiseka, ndiye ndinawasiya. Ndinapitirira lole ya nsomba osaiona, ndinapitirira mbalame, ndinapitirira Loweruka lenilenilo, ndipo ndinakafika pa Buliji Lachisanu madzulo, mkazi wanga asananyamuke n'komwe kunyumba, moti ndinachita kukhala pansi n'kuwadikira. Mwamva zimenezo? Lachisanu, ndikunena ine.

Mukufunsa chiyani, a kalaliki? Kuti motokayo ili kuti lero? Funso labwino, ndipo ndikanakuyankhani bwino lomwe. Koma taonani mai uyo wa nsomba patebulo lachiwiri, wa duku lofiira, wasiya kutsatsa malonda, akundiyang'ana. Ndiye Losa ameneyo, uja anali kumsana. Maso amenewo ndi a amake, ndipo amakewo tinawaika m'manda chaka chatha. Pamaso pake nkhani iyi sindingathe kuimaliza mmene ndimaimalizira kumowa. Senderani pafupi.

Za liwiro sindibweza mawu. Kuchokera pano mpaka chitunda chachikulu cha ku Mburuma palibe chinathamangapo chotero. Koma pakati pa chitundacho gasiketi inaphulika, pisitoni imodzi inaboola injini m'mbali n'kukagwera m'tchire, kabwato kanapendekeka, madzi owira ananditsanukira m'manja. Kenako kunangoti zii. Lole ina inali yodzadutsa Lachiwiri. Ndinakhala pamwala ndinalira, ine Zuze, kulira kwenikweni kwa mamina. Nditatha ndinamasula gudumu lija ndi manja osupukawo, ndinalimanga kumsana, ndinayamba kuyenda. Njovu zinalipo ndithu, koma wopatuka ndinali ine, ndinabisala m'khwawa mpaka zitachoka. Nsapato zanga za matayala zinaduka, ndinapitiriza popanda. Ndinagona pakhonde la anthu osawadziwa, kutacha ndinanyamukanso. Ndinafika pa Buliji Lamlungu dzuwa litapendeka, ndikudziwa kuti ndachedwa ndi tsiku lathunthu. Ndinkangopita chifukwa kubwerera kunyumba yopanda iwo sindikanatha.

Ndinawapeza atakhala pa sutukesi, kuseri kwa amai ogulitsa madengu, Losa akuyamwa. Mmodzi wa amaiwo anandinong'oneza kuti mabasi atatu a ku Petauke adutsa kuyambira dzulo, onse ali ndi malo, ndipo mai uyu basi ikaima amaimirira, n'kunyamula katundu, n'kuyang'ana kumsewu wa ku Feira, n'kukhalanso pansi. Ndinatula gudumu patsogolo pawo. Sanaliyang'ane. Anayang'ana mapazi anga, anayang'ana manja anga, anapempha madzi m'beseni, anang'amba nsonga ya chitenje chawo n'kuyamba kunditsuka mabala. Ndinangofunsa kuti, "Amake Losa, bwanji simunakwere?"

"Ninali kumvetsera, awisi Losa," anatero osadzutsa mutu. "Nikanamva injini yanu ikubwera, sembe nikanakwera basi n'kupita. Koma mwabwera na miyendo."

Ndiye mudziwe, a kalaliki: motoka yothamanga kuposa zonse za pa Feira inali yanga, ameneyo palibe anganditsutse, ndipo mkazi wanga ndinawapeza chifukwa inafera panjira.